Dothi la Pansi pa Katope

Nkhaniyi si ya makedzana ayi. Inachitika dzanadzanali kwa Mphandula, chakumtunda kwa Ntchisi, kumene mvula imagwa mwa mutu wake. Kumeneko si zachilendo kuona mvula ikukhuthuka tsidya lino la msewu, tsidya linalo nkhuku zikusamba fumbi. Munthu amatha kuchoka kumunda atanyowa mpaka m'kati, n'kukapeza mkazi wake akuyanika ufa pabwalo.

A Lameki anali mkamwini pamudzipo kwa zaka makumi awiri ndi zinayi. Amati mkamwini asamakule mwendo, koma wa a Lameki unali utakula ndithu, pakuti alangizi anali atawasankha kukhala mlimi wachitsanzo. Chingwe choyezera mapando sichinkachoka m'thumba mwawo, ngakhale popita kumaliro. Munthu akangowapatsa moni, iwo n'kumuuza kuti mizere yake yatalikirana. Sanali munthu woipa. Vuto lawo linali loti chilichonse chimene sanachimve kumaphunziro ankachiyesa nkhambakamwa.

Munda umene ankalima unali wa kwa akazi awo, a Nankhoma, ndipo banja lonse linkadalira womwewo. Kwa zaka zitatu zotsatizana chimanga chinkafiira masamba chili m'mawondo, feteleza atathira bwinobwino, ndipo nkhokwe inkatha Khirisimasi isanafike. Chaka chachinayi chikanangoteronso, mlimi wachitsanzo uja akanayamba kuyenda ndi khasu paphewa kupempha ganyu m'minda ya anthu amene ankawaphunzitsa.

Mlangizi wa deralo, a Zgambo, ndi amene anabwera ndi nzeru.

"Feteleza sakulakwa, bambo. Mwina dothi lanu lawawasa. Tiliyeze tisanabzale," anatero. "Muyende mokhotakhota m'munda monse, mukumbe malo khumi ndi asanu, kuya kwake chikhatho chimodzi ndi theka basi. Paliponse mutapepo dzanja limodzi. Pachulu ayi, pamene panali manyowa kapena phulusa ayi. Lonselo musakanize m'ndowa imodzi mpaka lisadziwike kuti ili lachokera pati, kenako munditapireko m'jumbo."

A Lameki anagwira ntchitoyi mu Okutobala, tsiku limene a Nankhoma anali ku Mponela kukaona mwana wawo Lonesi. Maenje khumi ndi anayi anakumba thukuta lili kamukamu, nthaka ili gwa. Kenako anafika kumunsi kwa munda, chakudambo, kumene kunali kangodya kamene akazi awo sankalola kuti kalimidwe. Panali mtengo wa katope ndi udzu basi. Zaka zonsezi akafunsa, yankho linali limodzi lokha: "Pamenepo m'pachinyezi, mbewu siichita." A Lameki ankati mumtima, akazi ndi zifukwa zawo, malo abwino kumangogona. Tsopano mpata unali utapezeka woti pepala la zotsatira za kuyeza dothi lidzawayankhire.

Apa khasu linangolowa lokha. Dothi lake linali lakuda, lozizira, lomata m'zala. Timbalame timene tinkasokosa m'katopemo tinasiya. A Lameki anatapa dzanja limodzi n'kuponya m'ndowa.

Anasakaniza monga anauzidwira, mpaka lakuda ndi lofiira linakhala mtundu umodzi, n'kudzaza jumbo la a Zgambo. Lotsala m'ndowa akanatha kungolikhuthula paliponse, koma iwo anali munthu wa dongosolo. Anayenda mzere ndi mzere akuliwaza ngati akufesa mawere, kuti libwerere mofanana m'munda monse.

Zinayamba ndi ndowa ija. Anaitsuka n'kuivundikira pathandala. M'mawa mwake anaipeza yagada, pansi pake pali timadzi tamatope, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Anaitsukanso. Tsiku lachitatu inasowa, ndipo a Nankhoma atabwerako anadandaula sabata yonse kuti amuna amabwereka ziwiya osabweza. A Lameki anakaipeza okha pansi pa katope, itavundikiridwa bwinobwino padzenje lija. Anati ndi ana a m'mudzi. Anaibweretsa kunyumba, koma kumene anaitola sananene.

Kenako kunabwera kamvuluvulu. M'nyengo yotentha kamvuluvulu si nkhani, koma aka sikankathamanga ngati anzake. Kanali kakafupi, kolekeza m'mawondo, ndipo kankayenda pang'onopang'ono, mokhotakhota. Dzuwa linali paliwombo, a Lameki akumaliza kuunga mizere. Anakaona kakuima padzenje loyamba, n'kuzungulira, n'kupita pa lachiwiri. Anapezeka akuwerenga asakufuna. Kanayendera onse khumi ndi anayi osaphonya, ndipo kenako kanaima pakati pa munda kwa kanthawi, n'kugwa, zinyalala zili mbwee. A Lameki anapitiriza kulima.

Mvula yobzalira inafika pakati pa Novembala. Inachokera kum'mawa ndi mabingu, inanyowetsa munda wa a Eneleti, mkulu wawo wa a Nankhoma, womwe unagundizana ndi wa a Lameki, ndipo pamalire inaduka ngati aidula ndi mpeni. Palibe anadabwa, poti mvula ya kumeneko ndi momwemo.

"Alamu, mwaiopseza ndi chingwe chanu chija," anatero a Eneleti akubzala. "Ikuopa kuti muiyeza madontho."

A Lameki anaseka nawo.

Yachiwiri inabwera patapita masiku anayi, kuchokera kumpoto, ndi matalala ndi mphepo yoti inagwetsa bafa la a Eneleti. Mudzi wonse unali matope okhaokha. A Lameki anathamangira kumunda ndi thumba la mbewu pamutu, ndipo atangodumpha malire fumbi linawamata kumapazi onyowa.

Yachitatu ndi imene inathetsa nthabwala. Mtambo wakuda bii unabwera n'kudzaima pamwamba pa mundawo masana onse, ukugunda chapansipansi. Mphepo inkazungulira m'mizere osatulukamo. Sipanagwe ndi dontho limodzi. Dzuwa litapendeka unasuntha n'kukakhuthukira kudambo. Kuyambira tsiku limenelo amayi opita kukatunga madzi anasiya kudutsa m'kanjira ka m'mundamo, anayamba kuzungulira. A Eneleti akakumana ndi alamu awo ankangoti mwadzuka bwanji, basi.

Chimanga cha anthu chinamera, chinafika masamba anayi, ena anayamba kupalira. Cha a Lameki chinali m'thumba, pakona ya nyumba. Kumeneko ukaphonya mvula yobzalira ndi masabata atatu, waphonya chaka, ndipo awiri anali atatha kale. Bamboyo anayamba kuonda. Mantha anawagwira enieni, a munthu amene akuona njala ikubwera poteropo koma alibe poigwira.

Tsiku lina masana akuchokera kumsika anakumana ndi mayi wachikulire pamsewu. Dera la kumsikalo mvula inali isanagwe masiku asanu, msewu uli fumbi lokhalokha, koma mapazi a mayiyo anali matope mpaka m'akakolo, aawisi, akuda. Paphewa anali ndi kakhasu kakutha, ka mpini waufupi. Nkhope yake a Lameki sanaione bwino. Dzuwa linkawathobwa m'maso, ngakhale linali pamutu.

"Akamwini," anatero mayiyo osapereka moni.

"Wawa, mayi."

"Mwabweza?"

"Chiyani, mayi?"

"Ife tinaika pamodzi. Inu mwamwaza. Akuvutika kudzitolera, ndi wamng'ono."

A Lameki anatsegula pakamwa kuti afunse, koma galimoto ya matola inadutsa ndi fumbi lake, ndipo fumbilo litatsika panali iwo okha. Pamene mayiyo anaima panali ponyowa.

Kunyumba anapeza a Nankhoma pakhonde akusankha mtedza wa mbewu. Anawafotokozera moyesa kuseka, kuti amisala achuluka masiku ano.

"Kakhasuko kanali ka mpini waufupi?" anafunsa a Nankhoma.

"Eya."

"Dzanja limene anagwirira, zala zinali zonse?"

A Lameki anaganiza. "Chala chaching'ono panalibe."

Lichero linapendekeka pamiyendo pa a Nankhoma, mtedza n'kuyamba kugwa umodziumodzi, iwo osautola. Asanayankhule, panamveka njinga yamoto.

Anali a Zgambo, atanyowa ngati awavuula mumtsinje, madzi akuchucha m'chipewa, kumwamba dzuwa likuswa mtengo. Sanafune kukhala pampando.

"Bambo, pepala lanu ili. Dothi lanu nali, ndabweza."

"Kodi amabweza?"

"Sabweza. Ili oyeza dothi kuboma andiuza kuti ndichoke nalo." Anaika jumbo lija pakhonde n'kupukuta manja pathalauza. "Dothi asanaliyeze amayamba aliumitsa. La anzanu onse linauma masiku awiri. Lanuli mwezi wonse lakana. Chipinda chimene analisunga, mphepo inasasula malata atatu, zipinda zina osakhudza. Ndipo lero kuchokera kuboma mvula ili pamsana panga. Ndikaima, nayo iima. Yandisiya pamphambano apo. Ine ndine wa tchalitchi, bambo, sindikunena kanthu. Ndikungokuuzani."

"Nanga pepalali likuti chiyani?"

Apa a Zgambo anapezako mphamvu, poti zinali za ntchito yawo. "Likuti dothi lanu lawawasa kwambiri, asidi wachuluka. Dothi lotere limamanga feteleza, mizu siimupeza, n'chifukwa chake chimanga chimafiira. Mufunika laimu, ufa woyera uja wochepetsa asidi. Musalipeputse, dothi lotere limadya chilichonse. Ngakhale fupa, likakhala laling'ono, mukalikwirira zaka zingapo simulipezanso. Limasanduka dothi lomwelo."

A Nankhoma anaimirira, lichero n'kugwa. A Zgambo anayang'ana mayiyo, anayang'ana jumbo, anatsazika n'kuliza njinga.

"Bambo a Lonesi," anatero a Nankhoma, mawu ali pansipansi. "Maenje anu aja, kumunsi munakumbako?"

"Limodzi lokha. Pansi pa katope."

Mayiyo anakhalanso pansi, n'kuyang'ana kumbali. Anayankhula mosathamanga, ngati akufotokoza za munthu wina.

"Lonesi ali ndi zaka zitatu ndinali ndi pakati pena. Mukukumbukira."

"Ndikukumbukira. Zinalephereka."

"Ndi mmene anakuuzirani. Munali pansi pa mango kwa a Eneleti, anabwera n'kukuuzani kuti zalephereka, inu munati chabwino, Mulungu ndiye mwini, mawa lake munapita kukapalira fodya. Mwana wobadwa atafa sapita kumanda a anthu onse. Nthayo imaikidwa ndi amayi okha, kudambo, ndipo sakumba mozama, kuopa kutseka mimba ya make. Chikhatho chimodzi ndi theka chimakwana. Amene anakamuika ndi azamba, a Nasakala, aja analibe chala chaching'ono. Munanyamula nawo bokosi lawo inu nomwe, zaka khumi zapitazo."

A Lameki anakhala pansi padothi, mpando uli pomwepo.

"Bwanji simunandiuze, Nankhoma?"

"Mwamuna sauzidwa malo ake."

"Ndiye ndikanadziwa bwanji? Mwambo womwewo ndi umene unanditsekera kunja."

"Mwambo unakuletsani kupitako. Sunakuletseni kundifunsa ngati ndikupeza tulo. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi mwandifunsa za kangodya kaja chaka ndi chaka, kuti mubzalemo chimanga. Za mwanayo simunandifunsepo ndi kamodzi komwe."

Manyazi anawagwira a Lameki kuposa mantha. Pansi pa jumbo lija pakhonde panali patayamba kunyowa.

M'mawa mwake a Nankhoma ndi a Eneleti anamanga zitenje n'kunyamula jumbo lija m'lichero, atalifunditsa kansalu koyera. A Lameki anawatsatira ndi thumba la mbewu, n'kuima pakati pa munda monga anauzidwira. Mtambo unali utafika kale. Unali pansi kwambiri, wakuda, ndipo m'munda monse munali mdima wa madzulo pamene kwa anthu ena kunali kowala.

Amayi awiriwo anagwada pansi pa katope. Zimene ananena a Lameki sanazimve. Anangoona akukhuthula dothi m'dzenje muja, akusalaza ndi manja, kenako akuwomba m'manja mwakachetechete. Onse atatu anayang'ana kumwamba. Mtambo unagunda kamodzi, kamphepo kozizira kanadutsa, ndipo kunati zii.

A Eneleti anakwera mtunda kubwera pamene panali alamu awo. Nthabwala zinali zitawathera.

"Alamu, jumboli ndi laling'ono. Munati munasakaniza m'ndowa. Lotsala lili kuti?"

"Ndinalibweza m'munda."

"Pati? Tikatape."

A Lameki anatambasula dzanja, n'kuloza kumtunda, kumunsi, uku ndi uku. "Ndinawaza mzere ndi mzere. Kuti likwane ponse."

A Eneleti anagwira pakamwa. A Nankhoma, amene anali atafika kumbuyo kwawo, anayang'ana pansi pamene anaponda, n'kusuntha phazi pang'ono.

"Ndiye kuti mwanayo ali ponseponse," anatero a Eneleti. "Munda wonsewu wasanduka pogona pake. Ndipo pogona nthayo mwamuna sapondapo. Mwakhala mukumuponda tsiku ndi tsiku kuyambira Okutobala. Tulukani, alamu."

"Ndituluke? M'munda mwanga?" Mawu a a Lameki anakwera. "Zaka makumi awiri ndi zinayi! Zitsa za muno ndinazula ndine. Mizere iyi ndaunga ndekha, dzanja ili. Anthu amabwera kuchokera midzi isanu kudzaphunzira muno. Laimu athira ndani? Mapando ayeza ndani?"

"Bambo a Lonesi," anatero a Nankhoma, "kwatsala masiku angati kuti kubzala kukhale kopanda phindu?"

A Lameki ankadziwa kuposa wina aliyense. Anayang'ana mizere yawo yowongoka bwino, youma ngati mwala. Anayang'ana chimanga cha a Eneleti tsidya la malire, chobiriwira, chikugwedezeka. Kenako anasenza thumba la mbewu n'kuyamba kuyenda. Sanathamange. Anadutsa mizere yonse mpaka pamalire, anaima pang'ono, n'kudumphira m'kanjira.

Kumbuyo kwawo kunamveka dontho, kenako lina, kenako mvula inakhuthuka yonse nthawi imodzi. Inalibe mphepo, inalibe matalala, inali mvula yeniyeni yobzalira, yoongoka, yolowa pansi. Fungo la dothi lonyowa linawapeza ali m'kanjira, ouma, dzuwa likuwawotcha pakhosi.

Koma a Lameki ndi a Lameki. Mtima wa mlimi unawakoka, anati mwina zangochitika, mvula ya kuno ndi momwemo. Anabweza phazi limodzi n'kuponda mzere woyamba. Mvula inaduka pomwepo. Kunangotsala madzi akudontha m'katope kumunsi, ndi amayi awiri atanyowa akuwayang'ana. Anachotsa phazi lija. Inayambanso.

Sanayesenso kachiwiri. Anaitana akazi awo, ndipo a Nankhoma anabwera mpaka pamalire, madzi akutsika kumaso. A Lameki anawapatsira thumba la mbewu, kenako anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa chingwe chija.

"Mfundo iliyonse ndi phando. Mbewu imodzi paphando, osati zitatu," anatero. A Nankhoma analandira n'kutembenuka kuti azipita.

"Nankhoma."

Mayiyo anaima.

"Anali mwana wanji?"

A Nankhoma anayankha mvula ikuwamenya pamsana.

"Wamwamuna. Ndinamuona pang'ono asanamukulunge. Makutu anali anuwo."

Anasenza thumba n'kulowa m'mizere. A Lameki anakhala pansi m'kanjira, pafumbi, n'kumaonerera akazi awiri akubzala munda umene iwo anaunga. Chimanga chinamera pa tsiku lachisanu, mzere uliwonse, osaphonya phando. Iwo anachionera pamalire, ndipo mpaka lero sanapondemonso.